Hawa Wameza Kachilombo ka Gulu

Lolemba

Hawa wameza kachilombo ka gulu! Kamoyo, kathunthu! Ndikuopa kuti kadzukira m'mimbamo n'kumera mapiko. Mwana wa zaka ziwiri, gulugufe m'mimba. Yarabi!

Ndapisa chala m'kamwa, mulibe. Ndamugwira miyendo n'kumuzondotsa, wangoseka. Ndamufunsa, wadya chiyani iwe? Akuti, “Tende.” Tende! Zipatso zija anabweretsa amalume ake pa Ramazani, zomasulira swaumu. Ndiye sindingamunene kwambiri, kakufanana ndithu: kofiirira, konyezimira, konenepa ngati mutu wa chala.

Nkhani yake ndi iyi. Gulu lathu la amayi tikuweta mbozi za silika, zija zimadya masamba a masau. Zinadya, zinanenepa, zinadzikulunga m'zikwa kuzizira kusanayambe, mpaka lero zili phee. Lichero la zikwazo likusungidwa kwathu kuno chifukwa tili ndi mphaka, makoswe safika. Alangizi athu, aja amachokera ku Balaka pa njinga yamoto, anang'amba chikwa chimodzi ndi lezala kuti tione cham'kati. Ndi kameneko. Anakaika pa sosala pazenera, akuti ndizikayang'ana tsiku lililonse. Ndakhala ndikukayang'ana ine. Lero wakayang'ana Hawa.

Zomwe anatiphunzitsa alangizi ndikuzikumbukira zonse, bola ndikanasinza tsiku limenelo:

- kachilomboka si kakufa, kakungogona
- pamutu pake pali kazenera, kuwala kumalowera pamenepo ngakhale kali m'chikwa
- masiku akakhala aafupi ngati mu Juni, kamati nthawi sinakwane, n'kupitiriza tulo
- masiku akayamba kutalika kamadzuka, n'kusanduka gulugufe wamkulu ngati chikhatho

Ndiye uno ndi Okutobala! Dzuwa likutuluka molawirira ngati lili ndi ganyu, polowa likuchita kuzengereza.

Koma ndaganiza bwino. Ngati kamawerenga kuwala, ndikanamiza. Kunjaku kukhale Okutobala, m'nyumba muno mukhala Juni, mpaka katuluke njira yakumunsi kadakali mtulo.

Malamulo kuyambira pano:

1. Hawa asatuluke panja
2. mazenera onse atsekedwe
3. masana Hawa asatsegule pakamwa, kuwala kungalowere pamenepo
4. pamimba azimanga zitenje ziwiri
5. azigona nkhuku zisanalowe
6. apongozi asadziwe

Bambo a Hawa ali ku nyanja ya Chiuta, akuyanika nsomba. Ndaimba, akuyankha ndi mzimayi uja wa netiweki ya ku Mozambiki, wolankhula Chipwitikizi. Ndamufotokozera iye yemweyo. Sanandithandize.

Lachiwiri

Ntchito yayamba bwino! Zenera lakuchipinda, thumba la feteleza. Lapabalaza, mkeka wakale ndi jekete la bambo a Hawa. Malata athu ndinkati ndi abwino, lero ndaona kuti ali ndi mabowo ngati sefa. Kuwala kukugwa pansi timadontho timadontho. Ndakwera pa mtondo, ndamata ndi sopo. Sopo watha, mabowo atsala. Otsalawo ndamata ndi phala la dzulo.

M'nyumba mwada bii. Ndagunda ndowa. Ndaponda mphaka. Ndathira mchere mu tiyi. Koma mtima uli m'malo, Juni wafika.

Hawa wapeza bowo limodzi lomwe ndinaliiwala. Wagona chagada pansi pake penipeni, watsegula pakamwa kuti amwe kuwalako. Mwana uyu anamutuma ndani?

Lamulo la pakamwa ndilo lavuta. Akasangalala, pakamwa yasa. Akalira, yasa moposa. Ndikamutseka ndi dzanja akuyesa masewera, akundinyambita.

Dzuwa likadali pamwamba pa mtengo wa mango ndayala bedi, ndatsitsa neti, ndati kwada, tiyeni tigone. Ndaimba nyimbo zonse zomwe ndikudziwa, ndi za kusukulu zomwe. Ndayasamula mwadala. Amene agona:

- mphaka
- nkhuku ziwiri zomwe zasuzumira pakhomo n'kuona mdima, zakwera pa mtanda wa denga
- ine, pang'ono pokha

Amene sanagone: Hawa. Ndadzidzimuka ali pazenera, wasomola thumba, akuitana ana a panja kuti abwere.

Apongozi afika pakhomo. “Kodi muno muli maliro osalengeza?” Ndati Hawa akumva maso, kuwala kukumupweteka. Akuti, “Maso ake ndi omwe akundiyang'ana pa mng'alu wa chitsekowa? Akuoneka amoyo kuposa anga.”

Madzulo ndafufuza ndi kamtengo zomwe Hawa wachita. Nyemba zilipo. Kachilombo kulibe.

Lachitatu

Apongozi adziwa. Wawauza ndi Hawa mwini wake: kuloza sosala, kuloza pakamwa, kudzimenya pamimba. Mwana wosatha kutchula dzina lake, koma umboni ngati wa kukhoti.

Ndimayembekeza kukalipiridwa. Iyayi, aseka mpaka kukhala pansi, mpango kugwa. Akuti, “Mwananga, ine ndadya ngumbi, ndadya ziwala, ndadya mbozi za m'mitengo kuyambira ndili mtsikana. Unandionapo ndikuuluka?” Ndati amayi, zanuzo zinali zokazinga, zothira mchere. Aka ndi kamoyo, ndiponso kamawerenga masiku. Akuti, “Ndiye kanaphunzira kuposa mwamuna wakoyo.”

Apatsa Hawa papaya kuti litsuke m'mimba. Zabwino. Koma amudyetsera pakhonde! Pakamwa yasa, moyang'ana kum'mawa! Ndathamanga ndi ambulera, ndaima pamenepo mpaka papaya kutha. Odutsa m'njira amayang'ana kumwamba kufuna mvula.

Masana abwera Abiti Juma, tcheya wa gulu lathu, omwe tayandikana nyumba. Akufuna kuona zikwa. Lichero ndaliika pansi pa bedi, ndalifunditsa bulangete kuti nalo likhale mu Juni. Sindikufuna a m'licherowo adzuke n'kuyamba kuitana mnzawo. Ayang'ana ndi kuwala kwa foni, ine ndatchingira Hawa ndi thupi langa. Afunsa za ka pa sosala kaja. Ndati kali pamalo ofunda, osafika khoswe. Sindinaname.

Vuto lina. Dzuwa litalowa ndimati tapuma. Kenako babu la sola la Abiti Juma layaka pakhonde pawo, kuwala kwake n'kulowa pansi pa chitseko chathu mpaka pa bedi. Alangizi ananena kuti kachilomboka sikasiyanitsa dzuwa ndi magetsi, kwina amakadzutsa dala ndi nyali. Ndiye tsiku lomwe ine ndikulidula masana, Abiti Juma akuliwonjezera madzulo! Ndapita kukapempha kuti azimitse. Akuti chifukwa? Ndati likutiletsa tulo. Akuti, “Inu mumayamba kugona nkhuku zikadali kudya. Tulo tanu ndi totani tosatha?” Sanazimitse. Mpatawo ndatseka ndi nsalu yanga yabwino, ya ku maukwati.

Ndaika khutu pamimba pa Hawa. Mukulira. Apongozi akuti ndi papaya. Ine ndikuti ndi kutembenuka kwa munthu amene tulo tayamba kumuthera.

Kamtengo: njere za papaya. Basi.

Lachinayi

Kuchipatala. Sindimafuna, chifukwa njira ya ku Ulongwe ilibe mthunzi, koma kulira kwa dzulo kuja kwandipanikiza. Mmene ndamukonzera Hawa:

- juzi
- zitenje ziwiri pamimba
- china kumutu, chongosiya mphuno
- ambulera pamwamba

Wakabaza akuti, “Mayi, mwabereka mwana kapena mbuzi yakuba?” Pa msewu waukulu lole yadutsa, ambulera yatembenuka ndi mphepo, yakhala ngati beseni.

Pamzere amayi andipatsa malo kutsogolo, akuganiza kuti mwana wadwalika. Mwanayo akuimba m'kati mwa zitenje.

Adokotala ndi achinyamata, aulemu wawo. Ndafotokoza zonse: za kazenera, za Juni, za babu la Abiti Juma. Amvetsera osaseka, koma mapewa amagwedera. Afunsa ngati akutsokomola. Iyayi. Akubanika? Iyayi. Akusanza? Iyayi. Akudya? Ndati ngati munthu wochokera kudimba. Akuti chabwino, tiyeni timuone. Amasula zitenje zonse! Mimba ili pamtunda, zenera la chipatala lili lotsegula. Ndisanapume atulutsa tochi. TOCHI! Akuti, “Hawa, tanena aaa.” Mwana amene sandimvera ine olo kamodzi, lero wamvera. Kuwala kwalowa mpaka pansi penipeni. Sopo wanga uja, phala lija, zonse zathera pa tochi imodzi.

Ndakuwa kuti zimitsani! Anamwino afika akuthamanga, kapu ya tiyi ili m'manja.

Adokotala akuti m'mimba muli madzi owawa amene amasungunula ngakhale nyama ya mbuzi yokalamba, ndiye kachilomboko kanasanduka chakudya tsiku lomwelo. Akuti choopsa chikanakhala kutsamwa, ndipo zikwa zinazo ndiziike posafika mwana. Akutinso, “Muvuleni juziyo, mwana akupsa. Azisewera panja.”

Ndavomera ndi mutu. Koma iwowa anaphunzira za anthu. Za kachilomboka anaphunzira ndi alangizi, ndipo alangizi ananena kuti kamatha chilimwe chonse osadya, osamwa. Kanthu kolimba chonchi kangaope madzi a m'mimba mwa mwana?

Juzi yokha ndamuvula. Pobwerera ndamugulira mandasi. Ndapeza kuti njira yotsekera pakamwa pa Hawa ndi imodzi yokha, kuikamo chinthu.

Lachisanu

Hawa wathawa! Apongozi ali kumzikiti, ine ndangolowa kubafa pang'ono. Chitseko ndinachitsekera ndi mtondo. Watulukira pazenera, kuponda pa ndowa, kukankha thumba.

Ndamupeza ku mjigo. Malaya alibe. Zitenje zanga akuvala ana a eni, akusewera ukwati. Iye wagona chagada pa simenti ndi anzake, mimba ili padzuwa ngati nsomba za bambo ake pa thandala. Akupikisana kuti akuwe kwambiri ndani. Akupambana ndi Hawa. Dzuwa lili paliwombo, likulowa pakamwa mowongoka ngati madzi m'chigubu!

Amayi a pa mjigo akuti, “Kodi si uyu timamva kuti akudwala maso?” Wina akuti, “Wachira, mjigo uno ndi mankhwala.” Ndamunyamula ngati mtolo wa nkhuni, ndathamanga. Akulira njira yonse, pakamwa yasa, moyang'ana kumwamba.

Kuwala kwa lero lokha kwakwana mwezi wathunthu. Kuti ndibwezere, ndaganiza kuti tigone kuyambira pano mpaka mawa masana. Hawa sanagwirizane nazo. Wang'amba neti pakona.

Za nkhuku: zazolowera. Zikumalowa m'nyumba masana n'kukagona pa mtanda. Tambala wasokonezeka, akulira nthawi iliyonse yomwe ndatsegula chitseko. Apongozi akuti ndaononga ziweto zawo, zayamba ulesi.

Madzulo foni yalira. Bambo a Hawa! Akwera pachulu kuti agwire netiweki ya kwathu. Ndalankhula mothamanga, mawu akudukaduka. Akuti, “Dikirani kaye. Akudya?” Ndati eya. “Akusewera?” Eya, mpaka kuthawa. “Ndiye wodwala kumeneko ndani?” Ndati bwerani mudzaone nokha. Akuti nsomba sizinaume, ndiziwapempherera kuti dzuwa liziwala kwambiri ndipo lizichedwa kulowa.

Banja limodzi, mapemphero osiyana. Kaya kumwambako amvera ndani.

Loweruka

Mudzi wonse wadziwa. Sindikunena kuti ndi apongozi, koma dzulo anachedwa pobwera kumzikiti.

Amayi a gulu afika m'mawa, ena ndi mipando yawo. Akufuna kuona mimba. Hawa akuwaonetsa yekha, akukweza malaya kwa aliyense wolowa pabwalo. Lamulo loyamba lafa. Lamulo lachitatu lafa. Za lamulo lachinayi, sindikudziwa n'komwe komwe kuli zitenje.

Zomwe zanenedwa pakhonde panga:

- wina akuti amwe madzi a mandimu, kachilomboko kachite tsinya n'kutuluka
- wina akuti ndikamuike mu filiji ya ku golosale, Juni weniweni ali mmenemo
- wina wafunsa kuti kakadzuka katulukira kumwamba kapena kumunsi, ndipo gulu lagawanika pawiri
- Abiti Juma akuti, “Kulikonse komwe katulukire, ndi ka gulu. Ndipo Hawa alowe umembala, wasunga katundu mosamala kuposa amayi ake.”

Ndaseka nawo pang'ono. Kenako misozi yangobwera yokha. Abiti Juma andipukuta ndi mpango wawo, akuti, “Iwe mwana iwe, bwanji osanena Lolemba lomwelo?” Aimbira alangizi pa foni yawo, aikweza mawu kuti tonse timve.

Alangizi aseka kaye mpaka kutsokomola. Kenako akuti, “Amayi a Hawa, adokotala anena zoona. M'mimba kachilombo sikangakhale ndi moyo.” Ndati nanga njoka zam'mimba zimakhalamo bwanji? Amayi onse andiyang'ana mwaulemu. Alangizi akuti, “Zimenezo ndi kwawo, zinabadwira momwemo. Aka ndi kamlendo.”

Apitiriza. Akuti ngakhale zikanakhala zoona, mdima wa sabata imodzi subweza kanthu. Tizilomboti tinayamba kumva kutalika kwa masiku kuchokera pomwe kuzizira kunatha. Tomwe tinamva kale tinayamba kale kusintha m'kati, olo utativundikira ndi mbiya. Kenako afunsa kuti lichero lili kuti. Ndati pansi pa bedi, m'bulangete. Akuti, “Mwati kuti? Nanga akatuluka atambasulira pati mapi...” Mayunitsi atha.

Amayi abalalika ali okondwa, akuti nkhani yatha. Kwa ine yangoyamba. Ngati omwe anamva kale anayamba kale kusintha, nanga ka Hawa? Kanali pa sosala, pazenera, kopanda chikwa n'komwe. Kanamva koyambirira!

Ndaika khutu pamimba. Hawa wandiluma khutulo.

Lamulungu

Ndatsegula maso m'mawa, gulugufe ali pa neti. M'kati mwa neti, pamwamba pa mutu wa Hawa. Ndipo Hawa wagona pakamwa pali yasa.

Wamkulu ngati chikhatho, alangizi sananame. Wofiirira ndi woyera, nyanga ngati nthenga za nkhuku, pa mapiko pali mawanga ozungulira ooneka kuseri ngati galasi. Mapikowo akadali onyowa, akuwagwedeza pang'onopang'ono. Ndi wokongola, sindingabise.

Sindinakuwe. Ndagwira mimba ya Hawa, yofewa. M'kamwa mulibe magazi. Akupuma bwinobwino. Alhamdulillah, katuluka mwaulemu, osang'amba kanthu! Ndathamanga opanda mpango kukagogoda kwa apongozi. Amayi, bwerani, wabadwa!

Afika, ayang'ana gulugufe, ayang'ana Hawa, ayang'ana bowo lomwe Hawa anang'amba pa neti. Agwada, akoka lichero pansi pa bedi, achotsa bulangete. Atola chikwa chimodzi, chopepuka, m'kati mulibe kanthu. Akuti, “Mayi ake ndi awa. Mdzukulu wanga musamusemere mlandu.”

Ndakhala pansi. Pansi pa bedi, m'bulangete, m'nyumba yomata ndi sopo, mdima woti sungaone dzanja lako, koma watulukabe. Basi ndagonja. Dzuwa silinamizika. Ndachotsa thumba, mkeka, jekete. Kuwala kwalowa, ndaona nyumba yanga koyamba chiyambire Lolemba. Fumbi, nthenga, zitosi. Ndapitikitsa nkhuku.

Ndaikanso khutu pamimba, komaliza. Ngati anzake akudzuka lero, nako kakanagogoda. Muli zii, njala yokha. Ndaganiza: sabata yonseyi mwanayu sanatenthe thupi, sanasanze, wathamanga kuposa ine. Wotopa, wosadya bwino, wa khutu lotupa ndi ine. Ndafunsa apongozi kuti ndiye kanapita kuti. Atsina tsaya la Hawa, akuti, “Kali apa.” Mwina ndi zoona, masayawa akuoneka kuti awonjezera. Chabwino. Kakhale momwemo. Hawa ndamutsegulira chitseko ndekha, watuluka opanda malaya, akukuwira dzuwa. Ndamusiya.

Apongozi apita kudimba. Ndimati ndisese, ndikhale pansi, ndimwe tiyi wopanda mchere.

Koma licherolo likuyenda! Wachiwiri watulutsa mutu. Wachitatu ali kale pa mwendo wa bedi. Wina akukwera khoma, wina wandikwera pa siketi, miyendo yake ikukanda. Alangizi anati akatuluka aikidwe awiriawiri, wamwamuna ndi wamkazi, koma ndiwadziwa bwanji? Onse avala zofanana! Foni yawo ndi yotseka, ali kutchalitchi. Abiti Juma apita kumsika ku Ulongwe, ndatuma uthenga ndi wakabaza.

Ndipo Hawa wabwerera. Waona. Waima pakati pa nyumba, akumeza malovu. Lichero ndaliika pamwamba pa kabati, iye akukoka mpando.

Abiti Juma, siyani tomatoyo, kwerani njinga mubwere pompano mudzatenge katundu wa gulu. Chonde fulumirani, phazi limodzi lili kale pa mpando!